Likhweru la M'kampango

Mkati mwa sabata Kachete ankasoka. Ankakhala m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba ya amayi ake, pakati pa makina awiri ndi mulu wa mayunifomu a ana asukulu. Kasitomala akabwera kudzadandaula kuti siketi yafupika, iye ankangoweramitsa mutu n'kutenga tepi. Dzina loti Kachete anamupatsa ndi amalume ake, ndipo linamumatirira mpaka amayi ake omwe anayamba kumuitana choncho. Koma likafika Loweruka ankavala malaya otuwa amene anadzisokera yekha, kukoleka wezulo m'khosi, n'kupita kukaimbira mpira wa basiketi.

Ntchito yoimbirayo anamuphunzitsa ndi amalumewo, mlongo wawo wa amayi ake, munthu wometa tsitsi amene pakamwa pawo sipankatsekeka ngakhale pakudya. Anamuphunzitsira m'shopu momwemo, akumuonetsa zizindikiro za manja pagalasi, kasitomala ali pampando mutu utametedwa mbali imodzi.

"Osewera savuta," ankatero. "Ovuta ndi makochi. Kochi umamusiya alankhule, ndi ntchito yake. Akapyola malire umamuuza kamodzi, chapansipansi, osamuchititsa manyazi pamaso pa ana ake. Akabwereza umamupatsa iyi." Ankasanjika dzanja limodzi pamwamba pa linzake ngati chilembo cha T. "Tekinikolo. Chilango cha khalidwe loipa. Timu inayo imaponya mpira umodzi popanda wotchinga. Zikakwana ziwiri, munthuyo amatuluka muholo, kaya ndi m'busa kaya ndi apongozi ako. Ndiye ukamupatsa yoyamba uzichoka mbali ya benchi yakeyo, ndibwereko ine. Munthu amene wamupsetsa mtima sumamuimira pamphuno."

Kachete anali ataimbira masewero ambiri ndi amalume ake, koma T imeneyo anali asanamupatsepo munthu. Kochi akayamba kukalipa, amalume ankafika msanga ndi nthabwala, zinthu n'kuzizira.

Loweruka limeneli kunali mpikisano wa masukulu a atsikana, muholo ya denga la malata. Pansi panali simenti yopaka penti wobiriwira, amene chakufupi ndi mabasiketi anali atasupuka n'kusiya malo oterera. Mawindo anali m'mwamba, ena opanda magalasi. Holoyo inali ya sukulu ya Oyera, timu ya majezi oyera, choncho amene anadzaza pamadesiki okankhiridwa kukhoma anali ana a pasukulupo okhaokha. Olimbana nawo, Ofiira, anabwera pa minibasi kuchokera kutali, opanda wowachemerera. Wopambana masanawo akasewera fainolo sabata yotsatira. Wogonja, chaka chake chathera pomwepo.

Patebulo la nthawi ndi zigoli panali aphunzitsi a masamu a ku komiti yoyendetsa mpikisano. Masewero asanayambe anaitana oimbira ndi makochi n'kubwereza lamulo limene ankalibwereza chaka ndi chaka: awa ndi ana asukulu, pabenchi ya timu iliyonse pakhale munthu wamkulu, ndipo asakhale wa sukulu imene akulimbana nayo. Pakapanda wamkulu masewero amathera pomwepo, chipambano n'kupita kwa anzawo.

"Inu a Ofiira, mwabwera nokha?" anafunsa aphunzitsiwo.

"Ndekha, aphunzitsi. Madamu amene amandithandiza mwana wawo wadwala," anayankha kochi wa Ofiira. "Koma musade nkhawa, ine sindichoka pampando. Ndine munthu wamtendere."

Zinali zoona kuti bamboyu sankakalipa. Ana ankawatcha a Taye chifukwa ankabwera ku mpira atamanga taye, kaya kutenthe bwanji. Anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri, anafunsa amalume za bizinesi, ndipo Kachete anamutcha "mayi refa." Kochi wa Oyera, mayi wamfupi wa magalasi, anangowagwedezera mutu n'kubwerera kwa ana ake.

Gawo loyamba linayenda bwino. Ofiira anali aatali koma olemera miyendo, ndipo chilichonse chinkadutsa mwa kaputeni wawo, mtsikana wa m'kalasi yomaliza amene anamata pulasitala pa zala ziwiri. Oyera anali timatupi ting'onoting'ono tothamanga ngati mphepo. Akangolanda mpira ankauluka nawo, aatali aja n'kutsala akutembenuka.

M'gawo lachiwiri kamtsikana kena ka Oyera kanalanda mpira pakati pa bwalo n'kuyamba kuthamanga kokha, kutsogolo kulibe munthu. Kali pafupi kufika, panamveka psiii! Kanaima, kanagwira mpira ndi manja awiri, n'kutembenuka kuyenda kuti kaone refa wanena chiyani. Koma palibe refa amene anali ataimba. Amalume sakanachitira mwina, anaimba kuti mwanayo wayenda ndi mpira m'manja, mpira n'kupita kwa Ofiira.

"Amene wabwera ndi wezulo ya kwawo aibise," anatero amalume akuyang'ana pamadesiki. "Ndikamupeza ndimumeta mpala waulere."

Ana anaseka. Kachete sanaseke. Phokosolo linachokera kumbuyo kwa phewa lake lakumanzere, kumbali ya mabenchi, osati kumadesiki. Ndipo ana a pamadesikiwo akanasokonezeranji timu yawo yomwe? Atacheuka anaona a Taye akupukuta pakamwa ndi kampango koyera, nkhope ili phee.

Kuyambira pamenepo, Oyera akalanda mpira, Kachete ankaponya diso limodzi kubenchi. Sizinatenge nthawi. Kampango kanakwera pakamwa, koma sikanapukute kanthu. Pansi pa nsaluyo panaoneka zala ziwiri zikulowa m'kamwa, masaya anafufuma, mfundo ya taye inagwedezeka pakhosi. Psiii! Mtsikana wa Oyera anadzidzimuka, mpira unamupulumuka n'kutuluka kunja.

Kachete anayenda pang'onopang'ono mpaka pabenchi ya Ofiira, anaima chammbali monga anamuphunzitsira, maso ali kubwalo.

"A kochi, likhweru limenelo lisamvekenso."

"Mwati chiyani, mayi refa? Kwezaniko mawu, makutu ndi akale."

Anabwereza. Mawu ake anatuluka opyapyala ngati ulusi.

"Ooh, likhweru," anatero a Taye akumwetulira. "Ine ndimaitana ana anga kuti abwerere kumbuyo. Kodi pali lamulo loletsa kochi kuitana ana ake?"

"Aitaneni ndi mawu."

"Mawu anga ndi aang'ono, mayi refa. Ngati anu omwe."

Nthawi yopuma itakwana, oimbira awiriwo anakaima pakona pamene anaunjikapo mipando yothyoka, akusinthana botolo la madzi.

"Wawaona ndi maso ako?" anafunsa amalume.

"Ndawaona. Amabisa zala m'kampango."

Amalume anapukusa mutu. "Ndiye sanasiyebe eti. Tili anyamata ankachita zomwezi. Ine ndimati ukalamba unawachotsera mano oimbira." Anamwa madzi, kenako anatsitsa mawu. "Koma ukukumbuka kuti ali okha?"

"Ndikukumbuka."

"Ndiye m'thumba mwakomo muli T imodzi basi. Yachiwiri si yawo, ndi ya ana aja. Iwo akaimba likhweru, amene akwere minibasi akulira ndi atsikana amene sanaimbe kanthu. Ndipo bamboyo akudziwa kuti ukudziwa."

Kachete anayang'ana kubenchi ya Ofiira. Atsikana anali atakhala pansi mozungulira, kaputeni akumanganso pulasitala ndi mano.

Gawo lachitatu litangoyamba likhweru linamvekanso, mtsikana wa Oyera ali m'mwamba kuti aponye. Mpira unagunda chitsulo cha basiketi n'kubwerera. Kachete anaimba wezulo mwamphamvu kuposa mmene anafunira, anatembenukira kutebulo, anasanjika manja n'kuloza benchi ya Ofiira. T inaoneka bwinobwino. Muholo munabuka chiphokoso, ana akumenya madesiki.

A Taye anaimirira n'kuwerama pang'ono ngati munthu amene walandira mphatso.

"Mwachita bwino, mayi refa, ntchito mukuidziwa," anatero chapansipansi Kachete akudutsa. "Koma yachiwiri mulibe. Mukachotsa ine mwachotsa ana onsewa."

Monga mwa pangano, Kachete anawolokera tsidya lina la bwalo, amalume n'kubwera kumbali ya mabenchi. Anawamva akuseka ndi a Taye, akuwauza kuti kampango kameneko akakachape kaye. Likhweru linasiyadi. Koma a Taye anapeza njira ina. Oyera akalanda mpira, ankangokweza kampango pakamwa osaimba, ndipo atsikana othamanga aja ankacheuka kaye kuyang'ana kubenchi, liwiro n'kutha.

Mayi wa magalasi anatopa nazo. Anapempha kanthawi kokambirana ndi ana ake, ndipo Kachete anamumva akunena mokweza: "Musaimenso. Kaya mwamva wezulo kaya mwamva lipenga, pitirirani mpaka mpira ulowe."

Zimenezo ndi zimene zinabweretsa ngozi. Patapita kanthawi Kachete anaimba faulo yeniyeni pakati pa bwalo. Mtsikana wa Ofiira amene anali pansi pa basiketi anamva, anatsitsa manja n'kuima chilili. Kamtsikana ka Oyera kaja, kamene kanauzidwa kuti kasaime, kanabwera ndi liwiro lonse n'kumuwomba pachifuwa. Onse awiri anagwa pa simenti yoterera ija. Wa Ofiira anadzuka akutsokomola. Wa Oyera anadzuka atagwira pakamwa, magazi akutuluka pakati pa zala.

Kachete anagwada pafupi ndi mwanayo pamene ankamupukuta ndi thaulo. Mlomo unali utang'ambika pang'ono, mano onse analipo. Mwanayo anamuyang'ana, misozi ili lengelenge.

"Anti, ndimayesa si inu mwaimba."

Kachete anayang'ana wezulo imene inkalendewera pachifuwa chake. Muholo monsemo munalibenso mwana amene ankadziwa ngati ikalira aime kapena athamange, ndipo gawo lomaliza linali lisanayambe. Anaimirira.

Pa kapumulo ka gawo lomaliza lisanayambe sanapite kwa makochi. Anaitana makaputeni onse awiri pakati pa bwalo, monga oimbira amachitira akafuna kuti uthenga ufike kwa osewera onse.

"Mukamva wezulo muziima, nonse," anatero. "Likhweru likamvekanso kuchokera pabenchi, woimbayo atuluka. Pabenchipo pakapanda wamkulu, masewero atha. Ndikukuuzani nthawi ikadalipo."

Kaputeni wa Oyera anavomera n'kubwerera. Wa Ofiira anatsala, akumuyang'ana Kachete kuchokera m'mwamba, pakuti anali wamtali kumuposa.

"Ndiye ife talakwa chiyani, anti?"

"Simunalakwe."

"A kochi amatero masewero onse. Ife tinawauza kuti sitikuzifuna, samva." Anacheukira kubenchi yawo. "Ine mpira wa pasukulu ndi womaliza uno. Musatithamangitse."

"Mulibe wamkulu wina aliyense amene mwabwera naye?"

Kaputeni anaganiza. "Adalaivala."

"Ine sindinakutume. Koma chitseko ndi icho."

Kaputeni anathamangira kubenchi, ananong'oneza mtsikana wina amene sankasewera, mtsikanayo n'kutuluka chothamanga. Kenako anagwada pamaso pa a Taye akulankhula mwachangu, manja ali pachifuwa. A Taye anamusisita pamutu ngati kamwana n'kumukankhira m'bwalo. Gawo lomaliza lili mkati, wotumidwa uja anabwerera yekha, anatambasula manja kwa kaputeni: minibasi kunalibe. Adalaivala anaona kuti kudikira n'kutaya nthawi, anapita kukanyamula anthu m'tauni.

Kachete anaona zonsezo ali tsidya lina. Anaona kuti a Taye nawonso aziona, ndipo bamboyo anakhazikika bwino pabenchi, mwendo pa unzake.

Zigoli zinali kumangosinthana. Ofiira anatsogola pang'ono, Oyera akuwapumira m'khosi. Kenako kaputeni wa Ofiira anaponya mpira molakwika, wa Oyera anaudumphira, ndipo awiri oyera anauluka kulowera kubasiketi kopanda wofiira ndi mmodzi yemwe. Kachete ankathamanga nawo m'mbali mwa mzere, koma diso lake linali litafika kale kubenchi. Kampango kanakwera. Masaya anafufuma.

Psiii!

Wa mpira uja anagwedera. Mnzake anapitirira. Mpira unadutsa pakati pawo n'kukagunda khoma.

Kachete anayang'ana amalume, pakuti iwo ndi amene anali pafupi ndi benchi, ndipo yachiwiri imakoma ikachokera kwa mnzako kuti anthu asati n'chidani. Amalume anali kuyang'ana mpira umene unkagubuduka kukhoma, ngati mpirawo unali ndi nkhani yofunika kwambiri. Anamva. Khosi lawo linkaonetsa kuti anamva.

Anayang'ana kaputeni wa Ofiira. Mtsikanayo anali ataima pakati pa bwalo akupukusa mutu pang'onopang'ono, milomo ikunena kuti chonde popanda mawu.

Kachete anaika wezulo pakamwa n'kuimba. Anayenda kudutsa bwalo lonse mpaka patebulo, anasanjika manja, analoza benchi, kenako anakweza zibakera ziwiri m'mwamba, chizindikiro choti munthu watulutsidwa. Ana a pamadesiki, amene poyamba paja anachita phokoso, ulendo uno anangoti zii.

A Taye anaimirira. Kumwetulira kuja kunali kutachoka.

"Mwana iwe, ukudziwa chimene wachita?"

"Tulukani, a kochi."

"Telala wa masiketi, ukufuna kundiphunzitsa mpira ine? Ndinayamba kusewera amako asanakuganizire n'komwe."

"Tulukani, a kochi," anabwereza, mawu omwewo, msinkhu womwewo.

Amalume anafika n'kuima pakati pawo. "Achimwene, chitseko chija chili kumanjaku. Musatipatse ntchito yokunyamulani, taye ingakwinyike."

A Taye anapinda kampango bwinobwino n'kukaika m'thumba. Anatembenukira kwa atsikana awo. "Tengani zikwama. Refa wanu wakuthamangitsani." Ena anayamba kutola mabotolo akulira. Kaputeni sanasunthe pamene anaima.

Aphunzitsi a masamu anavundikira cholembera chawo. "Pepani atsikana, koma lamulo ndinalinena poyamba pomwe. Pabenchi palibe wamkulu."

"Aphunzitsi, dikirani pang'ono," anatero Kachete.

Sanadziwe kuti ganizolo linabwera nthawi yanji. Poimba wezulo paja analibe. Anawakokera amalume pambali ndi mkono wa malaya.

"Malume, vulani malayawa."

"Ati chiyani?"

"Mukhale pabenchi paja. Ndinu wamkulu, ndipo si inu a sukulu ino."

Amalume anamuyang'ana kukamwa kuli yasa, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri popanda mawu kutulukamo. "Nanga bwalo aimbira ndani?"

"Ine."

"Wekha? Mwana wa achemwali, bwalo ili lili ndi mbali ziwiri. Ukakhala kutsogolo kumbuyo akukankhana, ukakhala kumbuyo kutsogolo akuswana. Ndipo zatentha izi. Ulakwitsa, ndipo akudya wamoyo."

"Ndilakwitsa. Koma amalize."

Amalume anakanda pachipumi. "Ine ndinati ndingokhala ngati sindinamve, zithe bwino."

"Ndinakuonani."

"Eya, unandiona," anatero, ndipo anayamba kumasula batani la pakhosi.

Aphunzitsi a masamu anamvetsera, cholembera chili pamlomo. Anati lamulo silinatchulepo za oimbira, ndipo masewero a ana aang'ono a m'mawa amaimbiridwa ndi munthu mmodzi. Koma chipambano chinali kale m'manja mwa Oyera, choncho iwo sakanachilanda popanda mwini wake kuvomera. Onse anatembenukira kwa mayi wa magalasi.

Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, osafulumira.

"Mwana wanga wang'ambika mlomo chifukwa cha bambo ameneyo," anatero. "Nditati ndingotenga chipambano changa ndizipita, palibe angandinene." Anayang'ana ana ake, amene anali ataima m'bwalo manja m'chiuno, palibe amene anapita kukavala juzi. "Koma awa adzandivutitsa sabata yonse kuti Ofiira sitinawagonjetse m'bwalo. Chabwino. Koma ometa tsitsiwo akhale ngati thumba la simenti. Mpira amaudziwa. Akangowauza ana aja chochita, ine ndikudandaula."

"Ine, kukhala chete?" anatero amalume. "Madamu, mukufuna maliro muholo muno?"

"Mukalankhula ndikupatsani T, malume," anatero Kachete.

Ngakhale aphunzitsi a masamu anaseka. Amalume anavula malaya otuwa, anakulungamo wezulo n'kusiya patebulo, ndipo anakakhala kumapeto kwa benchi ya Ofiira ali ndi vesiti yokha, mimba patsogolo, manja atapinda. Atsikana anabweza mabotolo pansi, akupukuta m'maso ndi majezi.

A Taye anali adakali pakhomo, theka mkati theka kunja. Kachete anapanira mpira m'khwapa n'kuima akuwayang'ana. Holo yonse inatembenuka kuyang'ana komweko, mpaka bamboyo anatuluka, mwana wina n'kukankha chitseko.

Oyera anaponya mpira wa chilango, unalowa. Masewero anapitirira.

Kuimbira wekha kunali kowawa kuposa mmene amalume ananenera. Kachete ankathamanga kuchokera mzere wina kufika mzere wina, ndipo kulikonse kumene ankafika zinthu zinali zitachitika kale. Thukuta linamulowa m'maso. Pena anamva kulira kwa mnofu kumbuyo kwake, atacheuka anapeza wa Oyera atagwira nthiti, koma amene anamugunda sanamuone, choncho sanaimbe. Ana a pamadesiki anamukuwiza. Mayi wa magalasi analumpha mzere n'kulowa m'bwalo.

"Refa, maso ali kuti? Tavomera kuti ana athu aphedwe?"

Mpira utatuluka, Kachete anadutsa pafupi naye, maso kubwalo. "Madamu, bwererani kuseri kwa mzere. Ndakuuzani kamodzi."

Mayiyo anabwerera kuseri kwa mzere.

Kubenchi ya Ofiira kaputeni ndi amene ankayendetsa zonse ali m'bwalo momwemo. Ankaloza wotopa kuti atuluke, kuitana wina kuti alowe, kukuwa manambala. Amalume anali atadziluma chala, mwendo ukugwedera, nkhope itafufuma ngati munthu amene wameza chinthu chotentha.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, Oyera anali patsogolo ndi chigoli chimodzi chokha, mpira uli kwa Ofiira. Aliyense ankadziwa kumene upite. Kaputeni anaulandira kunja kwa mzere, anapyola woyamba, anapyola wachiwiri, n'kulunjika kubasiketi. Kachete miyendo inali italemera ngati yomangirira njerwa, komabe anadzikoka mpaka pansi pa basiketi, pamene akanaona mpata wa pakati pa matupi awiri. Kamtsikana ka mlomo wotupa kaja kanali katafika kale, mapazi onse pansi, osasuntha. Kaputeni anakawomba ndi phewa pachifuwa, kanagwa chagada, mpira n'kulowa.

Kachete anaimba. Onse anaima pomwepo. Anakupiza manja kukana chigolicho, n'kumenya chibakera m'chikhatho: wolakwa ndi woponyayo. Mpira unapita kwa Oyera, anaupatsirana kawiri katatu, belu la patebulo n'kulira.

Ana a pamadesiki anakhamukira m'bwalo. Kachete anapanikizika mpaka kukhoma, anatsetsereka n'kukhala pansi, akupuma ngati wathawa galu. Anamasula chingwe cha nsapato yakumanja, pakuti chala chachikulu chinkatentha.

Atakweza mutu anaona miyendo yaitali yaima patsogolo pake. Kaputeni anali atamatula pulasitala, akuipotokola m'manja. M'maso munali mofiira koma sankalira.

"Sinali faulo ija, anti."

"Inali. Anafika kale."

"Ankasuntha. Mukanakhala awiri, winayo akanaona."

"Mwina. Ine pamene ndinaima ndinaona zimenezo."

Mtsikanayo anatambasula dzanja, anagwira la Kachete mwachangu osamuyang'ana, n'kutembenuka. "Tolani mipira, ili itatu," anauza anzake. "Wina akaone ngati adalaivala abwera."

Amalume anafika akadali ndi vesiti, ndipo mawu onse amene anawasunga anatuluka nthawi imodzi. Chigongono chija sanachione? Iwo anachiona, chinachita kulira. Nanga uja anaponda mzere pakona? Nanga bwanji ankathamanga mpaka kumapeto nthawi zonse m'malo moima chapakati? Ndipo atsikana aja akanangomupatsa wamtali wachiwiri uja mpira, anali yekhayekha, iwo anatsala pang'ono kuphulika.

"Nanga yomaliza ija?" anafunsa Kachete.

"Pamene ndinakhala ine sipankaoneka bwino," anatero amalume. "Mutu wa mwana wina unanditchinga. Iweyo ndi amene unali pamalo."

Aphunzitsi a masamu anabwera atanyamula malaya otuwa aja ndi wezulo. Anati a Taye ali panja akuuza aliyense kuti akadandaula ku komiti, ndipo komiti idzafuna kumva mbali zonse. Koma imeneyo inali nkhani ya tsiku lina. Panopa matimu ena awiri a semifainolo anali atafika kale, akuvala kuseri, ndipo oimbira amene ankayembekezeka anali asanaoneke.

"Ngati mwatopa nenani, tidikira," anatero aphunzitsiwo.

Kachete anayang'ana chala chake, pamene sokosi inali itamatirira. Anabwezeretsa phazi mu nsapato n'kumanga chingwe mwamphamvu. Anagwira khoma n'kudzuka.

"Malume, valani malaya," anatero. "Ndipo mukawauze ana aja apukute pansi pa basiketi, pakuterera."